Dailes Akonza Nyumba ya Alamu Ake

Kumtunda kwa Sharpevale, kumene msewu wafumbi umayamba kukwera mapiri, kuli mudzi wina umene ukafunsa pakhomo posesedwa bwino aliyense amakulozera kwa Dailes. Ndi mayi wamtali, wouma thupi, wosaseka wamba. Zaka zake zapitirira makumi asanu, koma akawerama ndi tsache atsikana amachita manyazi. Anthu am'mudzimo amanena kuti nkhuku zake zikafuna kudzithandiza zimapita kwa aneba poopa mwini wake.

Ukhondowu sanachite kuutola panjira. Bambo ake anali wa ku migodi ya ku Joni, munthu wobwera mwa apo ndi apo ndi sutikesi n'kubwereranso. Mayi ake ndiwo ankasunga mudzi, ndipo ankamuuza kuti mkazi wa munthu wapaulendo amayang'anidwa ndi mudzi wonse. Umphawi ndi wa m'nyumba, ankatero, koma pabwalo ndi pa anthu. Mayiwo atamwalira, Dailes anasiya sukulu kuti alere mng'ono wake Eliness, chitsirizira cha m'banjamo, amene anali asanayambe n'kuyenda komwe. Anamubereka kumsana popita kumunda, kuchigayo ndi kumaliro, mpaka anthu achilendo ankayesa kuti ndi mwana wake.

Dailes anakwatiwa ndi Kingston, mwamuna wofatsa amene nayenso anakagwirako ku migodi ali mnyamata. Anabwerako ndi wayilesi, chikhothi chachikulu ndi chifuwa chimene sichinamusiye. Anamanga nyumba ya zidina yofolera udzu pamalo a kwa mkazi wake, monga mwa mwambo wa chikamwini, ndipo ankalima chimanga ndi mbatata. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Mfundo, atakula anatsata njira ya agogo ake kupita ku Joni, ndipo amaimba foni akakumbukira.

Eliness atakula anabweretsa Paison wa ku Manjawira. Paisonyo anali ndi pakamwa potsekemera, ndipo khasu linkamulemera kuposa mawu. Komiti iliyonse yobwera m'mudzimo, ya mjigo, ya nkhalango, ya ngozi zogwa mwadzidzidzi, dzina lake silinkasowamo. Matisheti a mabungwe anali nawo ochuluka moti akanatsegula sitolo. Dailes sankamukonda, komanso sankamuda. Ankangoti bola mng'ono wake akudya.

Chaka cha namondwe Freddy mvula inagwa ngati kumwamba kwabooka. Madzi anatsika m'phiri atanyamula dothi ndi miyala, n'kudutsa kumbuyo kwa nyumba ya Dailes. Khoma lakumbuyo linagwa lonse, denga linapendekeka, nkhokwe inagona pansi. Kwa Paison, kumtunda pang'ono, kunagwa kakhitchini kokha kamene kanali kale pa ulendo.

Mvula itakata, panamveka kuti kukubwera anthu a bungwe lina pamodzi ndi a ku Boma kudzachita kauniuni wa zowonongeka. Wayilesi ya Kingston inkanena kuti mayiko olemera, amene utsi wa mafakitale awo wasokoneza nyengo, avomera kupereka chipukuta misozi, koma akufuna adziwe kaye kuti chatayika n'chiyani. Kingston anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu akakuthyolera mwendo sayamba wafunsa kuti mwendowo unali wa mtengo wanji.

Madzulo ena Paison anafika atavala tisheti yatsopano, n'kukhala pa chitsa moyang'ana khoma logwalo.

"Alamu," anatero kwa Dailes, "alendo aja akubwera sabata ino. Ndi anthu akuluakulu, ena ochokera kunja. Ndiye nyumba yanuyi ndi yoyamba akamalowa m'mudzi. Inu ndi amene timadalira pa za ukhondo. Tayesetsani kuti musatichititse manyazi."

Paison ankadziwa chimene ankachita. Anali atakakhala pa msonkhano ku Ntcheu Boma kumene anawauza kuti thandizo ndi lochepa, ndipo lipita kwa okhawo amene nyumba zawo zidzapezeke zili pansi. Nyumba zogwa zikachepa, mwayi wake unkakula. Ankamudziwanso mlamu wake kuti ungamulande chilichonse, koma osati ulemu wa pakhomo pake.

Dailes sanafunse kawiri. Anatola zidina zimene sizinasweke, anaponda dothi, anayamba kuimika khoma. Kingston ankamupatsira njerwa, akapuma pang'ono n'kutsokomola, n'kuyambiranso. Dothilo linali lonyowa kwambiri, ndipo onse awiri ankadziwa kuti khoma lotere silikhalitsa, koma nthawi inali itatha. Anaphoma, anakoka denga ndi luzi, anazira khonde ndi mtsiro wakuda, m'mbali n'kupitamo ndi wofiira. Zidutswa za nkhokwe anakazibisa kuseri kwa nthochi. Pofika tsiku la alendo, pakhomopo panali ngati akuyembekezera chinkhoswe.

Alendowo anafika atatu, mayi wachitsikana ndi amuna awiri, Paison ali patsogolo ngati mbusa. Dailes anawayalira mphasa, anawapatsa thobwa m'makapu otsukidwa bwino. Mayi wachitsikanayo anafunsa mwaulemu kuti mvula ija inawakhudza bwanji.

"Tili bwino, mwanangu," anayankha Dailes atagwada. "Mulungu watisunga."

Anayankha monga amayankhira munthu woleredwa. Mlendo sumulonjera ndi madandaulo, umadikira akhazikike, afunsenso, kenaka nkhani n'kumatuluka pang'onopang'ono. Koma alendo awa analibe nthawi yofunsa kachiwiri. Anayang'ana khoma, anayang'ana denga, anayamikira thobwa. Kingston anati atsegule pakamwa kuti afotokoze, chifuwa chinamutsekereza, ndipo Paison anaimirira n'kunena kuti apa zinthu zili bwino, tiyeni kumtunda kumene kuli mavuto.

Kumtundako anapeza zogumuka za kakhitchini kaja. Paison anali atayala mphasa ndi bulangete pakati pa zidinazo ngati ndi pamene banja limagona. Eliness kunalibe, anali kuchipatala ku Sharpevale ndi mwana wodwala malungo. Alendowo anajambula ndi foni mbali zonse, akupukusa mitu.

Patapita miyezi ingapo kunabwera lole ya malata, simenti ndi misomali. Inadutsa pakhomo pa Dailes n'kusiya fumbi pa khonde lake lozira, n'kukatsitsa katundu kwa Paison. Chinsinsi sichinachedwe kuphulika, pakuti Paison akalawa mowa sasunga mawu. Anauza anzake pa kachasu kuti ukhondo sadya, ndipo wochenjera amadziwa nthawi yosesa ndi nthawi yosiya zinyalala. Mawa lake mawuwo anali atafika pa mjigo, ndipo Dailes anawamva ndowa ili pamutu. Sanaitule, anangotembenuka n'kumapita.

Dzinja lotsatira khoma lija linayamba kutuluka thukuta. M'nyumba munkanunkha chinyontho, bulangete silinkauma, denga linkadontha pamene panali mphasa ya Kingston, akaisuntha n'kudonthanso pomwe aisunthirapo. Chifuwa chija chinakula. Anamutengera kuchipatala cha ku Boma, ndipo anabwerako ali m'bokosi chimanga chisanakhwime. Adokotala sananene kuti wapha munthuyu ndi khoma, ndipo Dailes sanafune kumva kwa adokotala. Pa maliropo Paison ndiye anali wotanganidwa kuposa onse, kulandira anthu, kulengeza zipepeso, kupukuta maso ndi kansalu. Dailes anamuyang'ana kuchokera pa mphasa ya anamfedwa, ndipo misozi yake inauma.

Kuyambira tsiku limenelo anamuda Paison ndi mtima wake wonse. Sanamutukwane, sanakamusumire kulikonse, sanapite kwa sing'anga. Ankamupatsa moni m'mawa uliwonse, "Mwadzuka bwanji, alamu?", mawu ali osalala. Kutchalitchi akamanena pemphero la Ambuye, pofika pa mawu okhululukira amangawa, Dailes ankagwidwa ndi kachifuwa, n'kudzapitiriza pa mzere wotsatira. Ankadziwa kuti mlandu suola. Eliness ankabwerabe kudzapempha mchere ndi kudzaluka tsitsi, koma nkhani ya malata sankaikhudza, ndipo mkulu wakeyo sanamufunse ngati ankaidziwa.

M'zaka zimenezo Dailes anadzipereka ku mpingo kuposa kale. Odwala ankawayendera, maliro ankagonera, nyumba za nkhalamba ankazira. Amayi a Mvano anamusankha kukhala wapampando wawo popanda wotsutsa. Ena ankati umasiye wamufewetsa mtima, koma iwowo sankamuona nkhope yake dzuwa likawala pa malata a kumtunda.

Malatawo Paison anawakhoma mwa ulesi wake. Simenti yambiri anagulitsa, misomali anachita kuumira, makoma anangosiya a zidina omwe aja. Ndiye kuchiyambi kwa dzinja lina kunabwera chimphepo chamkuntho masana dzuwa likuswa mtengo, mvula ili pambuyo. Denga lonse linanyamuka n'kukagwera m'chigwembe litapindikapindika, ndipo khoma la mbali imodzi linatsatira. Ulendo uno sizinali zoyala mphasa. Eliness ndi ana ake atatu anapanikizana m'kachipinda kamene kanatsala, atakoka pepala la pulasitiki pamwamba.

Posakhalitsa panamvekanso kuti a kauniuni akubwera Lachinayi. Paison analamula m'nyumba mwake kuti pasapezeke wosuntha ngakhale njerwa imodzi. Mwana wina atayamba kutola zidina kuti akonze pophikira, analandira khofi. Paison ankayendayenda pa zogumukazo ngati mlimi woyendera fodya wake, ndipo anali atayamba kale kuuza anthu kuti ulendo uno amanga ya njerwa zootcha.

Lamlungu, itakwana nthawi ya zolengeza, Dailes anaimirira atavala zoyera zake za Mvano.

"Abale ndi alongo," anatero, "akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Alamu anga a Paison nyumba yawagwera, ana akugona pa chinyontho. Ine ndikudziwa chimene chinyontho chimachita. Ndikupempha kuti Lachitatu tonse tikakhale kumeneko, amayi ndi udzu, abambo ndi mitengo. Dzuwa lisakalowe ana aja alibe denga."

Mpingo wonse unavomera. Mkulu wa mpingo, a Maliro, anaimirira n'kunena kuti chikhristu ndi chimenechi, mayi wamasiye, wa nyumba yodontha, kuyamba waganizira mnzake. Paison sanali m'tchalitchimo. Uthenga unamupeza pa bawo, ndipo akuti anagwira njere m'manja nthawi yaitali osadziwa pozigwetsa.

Lachitatu m'mamawa Paison anadzutsidwa ndi nyimbo. Atatuluka anaona mzere wa amayi ukukwera njira, mitolo ya udzu ili pamitu, abambo ali pambuyo ndi mitengo, makasu ndi luzi. Patsogolo panali Dailes ndi a Maliro. Paison anawachingamira akupikitsa manja.

"Zikomo kwambiri, a mpingo. Mwatichitira ulemu. Koma bwanji ntchitoyi tidzaigwire sabata ya mawa? Panopa ndisanakonzeke."

"Mukonzeke chiyani, alamu?" anafunsa Dailes. "Udzu tabwera nawo, mitengo tabwera nayo. Ngakhale chakudya tanyamula chathu."

"Ayi, kungoti pali tizifukwa tina."

"Tizifukwa totani toti ana agonere panja sabata ina yathunthu, mvula ili pamutu? Tiuzeni pano pamaso pa mpingo, mwina tikuthandizani."

Anthu onse anamuyang'ana. Paison anayang'ana a Maliro, anayang'ana amayi amene udzu unali ukadali pamitu, anayang'ana mlamu wake. Chifukwa anali nacho, koma sichinali chotchulika pamaso pa anthu amene angomaliza kuimba nyimbo ya Mulungu pakhomo pako. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. A Maliro anavula chipewa n'kuyamba pemphero, ndipo atangoti ameni makasu anayamba kulira.

Mutu umodzi susenza denga, koma mitu ya mpingo wonse inalisenza tsiku limodzi. Abambo anaimika khoma ndi zidina zomwe zija, ena anakweza phaso, ena anafolera. Malata opindika aja anawatulutsa m'chigwembe, anawawongola ndi miyala n'kutchingira bafa ndi khola la mbuzi, kuti pasatsale chooneka ngati chotayika. Dailes anaponda nawo dothi la khomalo, kenaka n'kumayendayenda kuloza apa ndi apo. Kachidutswa kalikonse ka njerwa kanatoledwa. Khonde anazira yekha, atagwada, mosamala kuposa mmene anazirirapo khonde lina lililonse, ndipo mumtima mwake munkakoma ngati akudya uchi.

Ali pakati pozira, Eliness anabwera ndi ndowa ya madzi n'kugwada pambali pake.

"Achemwali," ananong'ona, "alendo aja akubwera mawa."

"Ndikudziwa," anayankha Dailes osadzutsa mutu. "Adzapeze pakhomo pooneka."

Eliness anamuyang'ana. Kenaka anatula ndowayo n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka anthu atabalalika.

Alendo a ulendo uno anali ena, koma maso awo anali omwe aja. Anapeza nyumba yofolera bwino, khonde lonyezimira, bwalo losesa mpaka kumsewu. Paison analumbira kuti dzana lomweli zonsezi zinali pansi. Anawakokera kubafa kukawaonetsa malata, anaitana aneba kuti achitire umboni. Mkulu wa alendowo anamumvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafotokoza modekha kuti zimene mayiko aja analonjeza ndi zambiri koma zimene zafika ndi zochepa, ndipo iwo anatumidwa kuwerenga zimene aona ndi maso, pakuti za pakamwa aliyense ali nazo. Kutsidya kwa mtsinje kunali mabanja amene akugona m'kalasi. Asanachoke anajambula nyumbayo, amvekere akaonetse anzawo mmene anthu a kumudzi amathandizirana okha.

Dailes anaonerera zonsezi ali pa khonde lake, akusola mtedza. Paison podutsa pobwerera kokaperekeza alendo anaima.

"Alendo ayenda bwino, alamu?" anafunsa Dailes.

Paison anangopitiriza ulendo. Tsiku limenelo Dailes anapha nkhuku, anadya yekha mpaka kukhuta, ndipo sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Anapita kumanda kukazula udzu pa mtumbira wa Kingston, n'kumuuza zonse mwatsatanetsatane ngati munthu wobwera ku ukwati.

Koma m'kuwerengera kwake konse anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kumeneko amadziwa. Mkamwini amabwera ndi chikwama, ndipo zikamuvuta amanyamula chikwama chomwecho. Lole ya malata itadutsa kupita kutsidya, Paison analongedza matisheti ake, anakwera kabaza n'kunena kuti akukafuna ganyu kwawo ku Manjawira. Mwezi usanathe anthu obwera kumsika anati amuona atakhala pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato, akumuitanira makasitomala ngati mwini malo. Nyumba ya udzu ija, ndi khoma lake loimika tsiku limodzi, inatsala ndi mwini wake weniweni, amene anali Eliness.

Eliness anasiya kubwera kudzapempha mchere. Akakumana pa mjigo ankapereka moni wa anthu ongodziwana. Dailes ankadziuza kuti zimenezo zitha, chibale ndi fupa sichiola. Koma mvula ya Januwale itayamba kugwa mosalekeza, anayamba kumangoyang'ana kumtunda. Dothi la khoma lija analiponda ndi mapazi ake, ndipo ankadziwa mmene linalili lonyowa.

Tsiku lina masana, mitambo itadetsa kuphiri, anatenga khasu ndi mitengo iwiri yochirikizira n'kukwera. Anazungulira kuseri kwa nyumbayo. Mng'alu unali utayamba kale, kuchokera pansi pa denga kutsika mpaka pakati, ndipo madzi ankadikha m'tsinde mwa khoma. M'katimo ankamva ana akukangana za chimanga chokazinga. Anayamba kukumba ngalande mofulumira kuti madziwo apeze kolowera.

"Mukutani, achemwali?"

Eliness anali ataima pangodya ya nyumba, mwana wamng'ono ali kumsana.

"Khomali ligwa, Eliness. Ndikuchotsa madziwa, kenaka tilichirikize. Ukapanda kutero, tenga ana mubwere kwathu."

"Kwanu kodonthako?"

"Bola kumeneko. Ili silifika kumapeto kwa mwezi."

"Ndikudziwa," anatero Eliness. "Ndimaliyang'ana tsiku lililonse. Lisiyeni."

"Uli ndi ana m'nyumbamu."

"Ana ndimawagoneka mbali inayo." Anayandikira n'kugwira mpini wa khasu lija, osati mwaukali, koma molimba. "Munandilera ndinu, achemwali, ndipo zonse ndinaphunzira kwa inu. Ichinso ndaphunzira. Mwandikonzera kamodzi, zakwana. Likagwa ligwe, ndipo aliyense wodzatola njerwa imodzi pano ndidzamutema. Alendo akadzabweranso adzapeze chowerenga."

Dailes anafuna kunena kuti alendowo mwina sadzabweranso, kuti khoma siligwera mbali imene mwini wake wasankha, koma mng'ono wakeyo anali atamulanda kale khasu. Eliness analiponya kutali m'chimanga, anakankhira dothi ndi phazi m'ngalande muja mpaka kuitseka, n'kulowa m'nyumba. Mvula inayamba kudontha. Dailes anatsala chiimire kuseriko ndi mitengo yake iwiri, akumva mng'ono wake akuuza ana kuti asendere kuno.